Mafunso ndi Mayankho: Kodi mphere imathawira m'kati ukaipaka mankhwala?

Funso: Ochiritsa ndi homeopathy amati kupaka mankhwala pa zidzolo kapena mphere n'kungokankhira matenda m'kati mwa thupi. Maganizo amenewa anayambira kuti?

Yankho: Gwero lake ndi amene anayambitsa homeopathy, dokotala wa ku Germany dzina lake Samuel Hahnemann. Mu 1790 anamwa khungwa la mtengo wa cinchona, umene umatipatsa kwinini, n'kunena kuti m'thupi munamumveka ngati malungo. Pamenepo anagwira mfundo yakuti chimene chimadwalitsa munthu wabwinobwino chingachize wodwala nthenda yofanana nayo. Za khungu zinadza mu 1828, m'buku lake la matenda a mgonagona. Mmenemo anati matenda otere, 7 mwa 8 alionse, amachokera ku chinthu chimodzi chimene anachitcha psora, mawu a Chigiriki otanthauza kuyabwa. Kwa iye mphere inali utsi chabe, moto uli m'kati, ndipo woipoletsa ndi mafuta amaitana mphumu, khunyu ngakhale misala.

Chodabwitsa n'chakuti mwini mlandu anali atagwidwa kale. Mu 1687 Giovanni Cosimo Bonomo ndi Diacinto Cestoni a ku Italy anafotokoza kachilombo kamene kamaboola khungu, kukumba kanjira ndi kuikiramo mazira. Mu 1834 Simon François Renucci, wophunzira udokotala ku Paris, anakazula ndi singano pakhungu la wodwala madokotala akuona. Ndiye mphere si uthenga wochokera m'kati, ndi mlendo wobwera ndi zofunda kapena kukhudzana, amene amakonda pakati pa zala ndi pamfundo za manja, n'kumasautsa usiku. Ukamupha ndi benzyl benzoate kapena permethrin palibe chimene chimathawira m'mapapo. Ukamulekerera, mwana amakanda mpaka zilonda, zilondazo n'kulowa mabakiteriya amene nthawi zina amawononga impso.

Wina anganene kuti a homeopathy amapereka sulufule, ndipo sulufule amaphadi tizilombo ta mphere. Amapha akapakidwa ngati mafuta. Wa homeopathy amatengedwa gawo limodzi n'kusakaniza ndi magawo 99 a shuga, madzi kapena mowa wa mankhwala, n'kukhutchumula, kenako kutapapo dontho n'kubwerezanso. Pabotolo pakalembedwa 30C ndiye kuti achita zimenezi ka 30, pomwe kungopitirira ka 12 mumakhala mulibe ngakhale kachidutswa ka sulufuleyo. Wodwala amangomwa timibulu ta shuga.

Nanga amene amalumbira kuti anachira? Sakunama, ndipo m'masiku a Hahnemann, pamene madokotala ankakhetsa odwala magazi ndi kuwamwetsa mercury, kumwa shuga kunali kupulumuka ndithu. Koma matenda monga eczema amabuka n'kuzilala okha, ndipo munthu amafuna thandizo pamene zafika poipa, choncho chilichonse chimene wamwa tsiku limenelo chimalandira ulemu khungu likasalala. Zikakula, a homeopathy amati ndi chizindikiro chakuti matenda akutuluka. Mfundo yopambana mbali zonse chotere siingayesedwe. Pamene bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo linaunika umboni mu 2015, silinapeze nthenda ngakhale imodzi imene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy imachiza, ndipo mu 2017 bungwe la zipatala za boma ku England, NHS, linalangiza madokotala ake kuti asiye kulembera odwala mankhwalawa.