Malo a wosaona pa mphasa ya maphunziro: kuchokera ku Madina kufika ku Ulongwe

Tikumuyamika Allah amene adatipatsa makutu ndi maso, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Ife amene tidaphunzira Qur'an kuno ku Ulongwe tili ana timakumbukira kuti phunziro linkalowera kukhutu. Mwalimu ankawerenga ayah, ife n'kumabwereza mpaka ikhazikike pamtima, ndipo Msahafu umodzi unkakwanira gulu lonse. Pa mphasa yotero mwana wosaona sankasiyana kwenikweni ndi mnzake woona. Lero madrassa athu ali ndi bolodi, makope ndi mayeso olemba, zomwe ndi zabwino. Koma tikayendera makalasi a m'midzi ya mbali zonse ziwiri za msewu wa Liwonde ndi Mangochi, mwana wosaona sitimupeza kawirikawiri. Sikuti kulibe, ali kunyumba. Kodi Asilamu oyamba ankamuika pati munthu wakhungu, nanga ife tidamusiya pati?

Mbiriyi imayamba ndi Abdullah ibn Umm Maktum (RA). Tsiku lina ku Makka adafika kwa Mtumiki (SAW) kudzafunsa za Deen pamene Mtumikiyo adali kuyankhula ndi akuluakulu a Quraish, ndipo Mtumiki sadamulabadire. Pa chifukwachi Allah adavumbulutsa chiyambi cha Surah Abasa, Surah ya nambala 80, momwe adamudzudzula Mtumiki wake. Taonani chomwe munthuyu adadzera: sadadzere chakudya kapena chovala, adadzera maphunziro. Ku Madina adakhala muadhini pamodzi ndi Bilal (RA), ndipo kangapo Mtumiki akachoka mu mzindamo ankamusiya kuti azitsogolera Swala. Imam Bukhari adalandira hadith yofotokoza kuti iye sankaitana adhana ya Fajr mpaka atauzidwa kuti kwacha. Udindo sadamulande chifukwa chosaona m'bandakucha. Adangomupezera womuuza.

Pali hadith ziwiri zomwe ophunzira fiqh amaziona ngati zotsutsana. Mu Sahih Muslim, munthu wakhungu adapempha chilolezo choswalira kunyumba poti adalibe womutsogolera. Mtumiki adamulola, kenako adamubweza n'kumufunsa ngati amamva adhana, ndipo atavomera adamuuza kuti aziyankha kuitanako. Hadith ina, yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim, ndi ya Itban ibn Malik (RA), imamu wa anthu ake, amene maso ake adafooka. Mvula ikagwa, chigwa cha pakati pa nyumba yake ndi mzikiti chinkadzaza madzi. Mtumiki adapita yekha kunyumbako ali ndi Abu Bakr (RA), n'kuswali rakaa ziwiri pamalo omwe Itban adasankha kuti aziswalirapo. Ena mwa maulama adati woyambayo ankatha kuyenda njira yake popanda womugwira dzanja, pomwe wachiwiri adatchingidwa ndi madzi. Ife a m'midzi yomwe mitsinje yake imadzaza mu Januwale ndi Febuluwale nkhani ya Itban sitiimva ngati yachilendo. Phunziro lake n'lakuti wotha kufika asapatulidwe pa jamaa, ndipo wolephera kufika, jamaa imutsatire.

Mu madhhab ya Imam Shafi'i, yomwe ambiri kuno timatsatira, wakhungu ndi woona ndi ofanana pa uimamu. Swala ya Ijumaa nayo imamukakamiza wakhungu akapeza womutsogolera. Ndiye funso likubwerera kwa ife: womutsogolerayo achokera kuti? Olemba mbiri monga At-Tabari adafotokoza kuti Khalifa Al-Walid ibn Abdil-Malik, amene adalamulira kuyambira 705 mpaka 715, adapereka womutsogolera kwa wakhungu aliyense ndi womutumikira kwa wolumala aliyense. Boma lidauona ngati udindo wake, osati chifundo cha apo ndi apo.

N'chifukwa chake mbiri ya maphunziro a Chisilamu yadzaza ndi maina a akhungu. Qatada ibn Di'ama wa ku Basra adali mmodzi mwa akadaulo a tafsir ndi hadith. Imam Ash-Shatibi, amene adamwalira ku Cairo mu 1194, adapeka ndakatulo ya Shatibiyya yomwe ophunzira mawerengedwe asanu ndi awiri a Qur'an akuilowezabe mpaka lero. As-Safadi, amene adamwalira mu 1363, adalemba buku la Nakt al-Himyan lofotokoza miyoyo ya akhungu otchuka pafupifupi 300. Mmodzi mwa iwo ndi Zainuddin al-Amidi, mphunzitsi wa pa Mustansiriyya ku Baghdad, amene ankagulitsanso mabuku. Iye ankapota tizidutswa ta pepala n'kupanga zilembo zomata mkati mwa chikuto, kuti akakhudza adziwe mtengo wa bukulo.

Njira yowerengera ndi zala yomwe dziko lonse likugwiritsa ntchito lero idachokera kwa Louis Braille wa ku France, amene adaifalitsa mu 1829. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera ku timadontho totukuka tisanu ndi kamodzi. Chiarabu nacho chili ndi Braille yake, yomwe imawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo Msahafu wa Braille umakhala mabuku angapo okulaokula chifukwa timadonthoti timadya malo. Ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, kuli Madrassa An-Noor for the Blind, komwe amaphunzitsa ana osaona ndi kusindikiza mabuku a Deen m'zilembozi.

Kuno kwathu mbiri idayenda mwina. Masheikh oyamba monga Abdallah Mkwanda ndi Thabit Ngaunje adafalitsa maphunziro kudzera mwa ophunzira omwe ankakhala nawo n'kumaloweza. Koma sukulu zoyamba za osaona, Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, zidatsegulidwa ndi amishoni achikhristu m'zaka za m'ma 1950, ndipo aphunzitsi a ana a ulumali akhala akuphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Makolo athu ambiri ankakana sukulu za mishoni poopa kuti ana asiya Chisilamu. Mantha awo adali ndi chifukwa, koma zotsatira zake zidamugwera kwambiri mwana wosaona: Braille idamudutsa, ndipo madrassa atasamukira pa bolodi ndi kope, khomo lachiwiri lidatsekekanso.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi ali ndi ulumali wina wake, ndipo vuto la maso ndilo lidachuluka. Khungu lina limapeweka kapena kuchizika. Mu 2022 bungwe la WHO lidatsimikiza kuti Malawi yathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri. Ng'ala nayo, yomwe yakhazika agogo ambiri pakhonde, imachoka ndi opareshoni yaifupi kuchipatala.

Tsono komiti ya mzikiti uliwonse ilembe maina a osaona a m'dera lake, n'kusankha achinyamata owaperekeza ku Ijumaa mosinthana. Mphunzitsi azitchula mokweza chilichonse chomwe akulemba pa bolodi, ndipo mwana wosaona ayesedwe mayeso apakamwa. Gawo la sadaka lipite ku Msahafu wa Braille, ku mafoni okhala ndi Qur'an yomvetsera, ku thiransipoti ya agogo opita kukachotsa ng'ala, ndi kutumiza mphunzitsi mmodzi kukaphunzira Braille. Inu ophunzira, funsani kumudzi kwanu ngati kuli mwana amene sabwera ku madrassa chifukwa cha maso, ndipo mukamutenge.

Allah ndiye wodziwa kwambiri.