Liwu loti “hule” lidachokera kuti?

Anzanga a m'kalabu ya omvera wailesi, sabata yatha ndidamva mwana wanga wa zaka 13 akuitana mnzake pa mjigo kuti, “Hule iwe, tandisenza!” Onse awiri adangoseka. Ine mtima udandiwawa, chifukwa agogo anga liwuli sankalitchula n'komwe pamaso pa ana.

Liwuli ndi lobwera. Gwero lake ndi chinenero cha Mabunu a ku Joni, omwe amati “hoer”. Lidalowa mu Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi ndi m'mafamu a Azungu. Makolo athu a kuno ku Tete ankapita ku Rhodesia pothawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ndipo pobwera ankanyamula mabulangete, njinga ndi mawu achilendo. N'chifukwa chake Ashona nawonso amati “hure”. Poyamba linkanena mkazi wogona ndi amuna kuti apatsidwe ndalama, basi.

Kenaka lidayamba kugwera mkazi aliyense wokhala yekha. M'chaka cha 1983 boma la Samora Machel lidayambitsa Operação Produção. Anthu omwe ankati ndi malova ankatengedwa ku Maputo ndi ku Beira n'kukasiyidwa kuthengo ku Niassa kuti azikalima. Akazi ambiri osakwatiwa adapita nawo. Kungolozedwa chala ndi oyandikana nawo nyumba kunkakwanira kuti mayi asiyane ndi ana ake.

Ku Malawi nako, mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Mzuzu adavula akazi pamsewu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Komatu lamulo la Kamuzu loletsa zovalazo lidali litathetsedwa kalekale. Amayi adachita zionetsero ku Blantyre.

Lero liwuli lili m'nyimbo za m'mafoni, pa bawo ndi pa mpira, ndipo achinyamata amati ndi nthabwala chabe. Koma m'mudzi mwathu muno muli mayi wamasiye yemwe ankagulitsa tomato ku Cassacatiza. Anyamata atayamba kumuimba dzinali, akuchimuna adamulanda ana, iye n'kusiya geni. Pamenepo palibe adaseka. Mwamuna akamwaza ndalama zonse za fodya kumabala timangoti walowerera, ndipo mawa timamupatsa moni bwinobwino.

Mwana wanga ndidamufotokozera zonsezi madzulo omwewo. Tikakumana Loweruka likubwerali, ndikupempha kuti azimayi a m'kalabu ayambe ndiwo kuyankhula, ife abambo timve kaye.