Mutu wa kachasu

Pa Mchinji Boma munthu akaitanitsa "mutu" kwa mayi wotcheza kachasu, sakunena chiwalo ayi. Mutu ndi mowa woyamba kudontha kumpopi, gaga ndi shuga wosasa akayamba kuwira mumtsuko, nthunzi n'kuzizira podutsa m'madzi. Botolo loyambali ndiye laukali kwambiri, lokanda pakhosi, ndipo mtengo wake umakwera. Mabotolo otsatira amanka nazirala mpaka otsiriza amangokhala ngati madzi.

Dzina loti kachasu lidachokera ku Chipwitikizi, cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brazil. Ku Scotland, otcheza whisky wa chimera cha balere nawonso amautchula mutu mowa woyambawu, koma saugulitsa. Amaupatula n'kuutchezanso chifukwa uli ndi zinthu zowononga thupi, pamene kwathu kuno amaulimbirana.