Mphotho ingalimbikitse, ingathenso kupha chidwi

Kholo lomwe limalonjeza mwana ndalama akakhoza mayeso, bwana yemwe amaika kangachepe pamwamba pa malipiro a wantchito wakhama, ndi bungwe lomwe limapereka alawansi kuti anthu afike pamsonkhano, onsewa amayendera ganizo limodzi loti munthu akalandira kanthu amalimbikira. Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu akhala akuliyesa ganizoli kwa zaka zoposa 50. Zomwe apeza n'zakuti mphotho imathandiza pa zinthu zina, koma pa zina imabweza zinthu m'mbuyo.

Yemwe adayambitsa mtsutsowu ndi Edward Deci wa ku America. Mu 1969, ali pa maphunziro ake pa yunivesite ya Carnegie Mellon, iye adaitana ophunzira 24 kuti adzasewere masewero otchedwa Soma, omwe munthu amalumikiza tizidutswa 7 kuti apange chinthu chomwe chajambulidwa papepala. Ophunzirawo adawagawa m'magulu awiri ndipo aliyense adabwera katatu. Ulendo woyamba palibe yemwe adalipidwa. Ulendo wachiwiri, a gulu limodzi ankalandira dola imodzi pa chinthu chilichonse chomwe alumikiza bwino. Ulendo wachitatu, a gulu lomwelo adauzidwa kuti ndalama palibe.

Chomwe Deci ankafuna kuona sichidali luso la ophunzirawo. Pakati pa masewerowo iye ankatuluka m'chipindamo kwa mphindi 8, atamuuza wophunzirayo kuti achite chomwe akufuna. Patebulo padali magazini oti munthu angawerenge. Apo wophunzirayo ankaonedwa mobisa kudzera pagalasi, kuti zidziwike ngati apitirize kusewera popanda womuuza. Omwe adalawa ndalama aja adasewera nthawi yaitali tsiku lolipidwalo, koma ndalama zitasiya kubwera adasewera nthawi yochepa kuposa mmene adachitira tsiku loyamba. Omwe sadalipidweko chidwi chawo sichidatsike. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1971.

Anthu 24 ndi ochepa, ndipo kafukufukuyu payekha sakadakhutiritsa ambiri. Koma mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett adapeza zofanana pa sukulu ya mkombaphala ya Bing, yomwe ili pa yunivesite ya Stanford. Iwo adasankha ana omwe ankakonda kale kujambula. Ena adawalonjeza satifiketi yokhala ndi chidindo chagolide ndi kansalu kokongola akajambula chithunzi. Ena adalandira satifiketi yomweyo mosayembekezera atamaliza kujambula, pomwe ena sadalandire kanthu. Patadutsa masiku angapo, zolembera zija zidaikidwanso m'kalasi popanda lonjezo lililonse. Ana omwe adalonjezedwa mphotho adajambula pafupifupi theka la nthawi yomwe anzawo adajambula. Omwe mphotho idawadzidzimutsa adapitiriza monga kale.

Apa mpomwe pagona nkhani. Chomwe chidapha chidwi cha anawo sichidali satifiketi, koma pangano loti uchite ichi kuti ulandire icho. Akatswiriwa amati munthu amadziwa chifukwa chomwe akuchitira chinthu poona zomwe zamuzungulira. Mwana yemwe ankajambula chifukwa kujambula kumamusangalatsa, akalonjezedwa mphotho amayamba kuona kujambulako ngati ganyu. Ndipo ganyu, monga aliyense akudziwa, sagwiridwa ulere.

Deci adapita ku yunivesite ya Rochester komwe pamodzi ndi Richard Ryan adakulitsa mfundoyi m'buku lomwe lidatuluka mu 1985. Awiriwa adati khumbo lochokera mumtima limakula munthu akamamva kuti wasankha yekha chomwe akuchita, kuti akuchitha, komanso kuti ali pa ubale ndi anthu omwe akuchita nawo. Mphotho yomwe imamveka ngati chingwe chomukokera imachotsa choyambacho. Mawu oyamikira omwe amamuuza munthu pomwe wachita bwino amalimbitsa chachiwiricho, n'chifukwa chake kuyamikira kwapakamwa nthawi zambiri sikuononga chidwi ngati mmene ndalama yolonjezedwa imachitira.

Si onse adavomereza. Mu 1994 Judy Cameron ndi David Pierce a ku Canada adaunika kafukufuku wambiri n'kunena kuti vutoli ndi laling'ono ndipo lakokomezedwa. Deci, Ryan ndi Richard Koestner adayankha mu 1999 ataunika kafukufuku 128. Iwo adapeza kuti mphotho yogwirika yomwe munthu akuiyembekezera imatsitsadi chidwi, makamaka mwa ana, koma izi zimachitika pa ntchito yomwe munthuyo ankaikonda kale. Pa ntchito yotopetsa palibe chidwi choti chife. Anthu ambiri omwe amatchula kafukufuku wa Deci pofuna kunyoza mphotho zonse amadumpha mfundo imeneyi.

Chilango cha ndalama nachonso chili ndi khalidwe lomweli. Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini adatsatira malo 10 osungirako ana mumzinda wa Haifa ku Israel kwa masabata 20. Vuto kumeneko lidali la makolo obwera mochedwa kudzatenga ana. Patatha masabata 4, malo 6 adaika chindapusa cha mashekeli 10, ndalama ya dzikolo, kwa kholo lochedwa ndi mphindi zoposa 10. M'malo mochepa, ochedwa adachuluka pafupifupi kawiri. Kale kholo likachedwa linkachita manyazi pomudikiritsa mphunzitsi. Chindapusa chitabwera, kuchedwa kudasanduka chinthu chogula, komanso chotchipa. Chindapusacho chitachotsedwa, manyazi aja sadabwerere ndipo makolo adapitiriza kuchedwa. Kafukufukuyu adasindikizidwa mu 2000.

Umboni wa mbali inayo, woti ndalama yochepa ingasunthe munthu, udachokera m'dziko muno. Mu 2004 anthu akumudzi m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka adayezedwa kachilombo ka HIV m'makomo mwawo. Nthawi imeneyo zoyezazo zinkapita ku labotale ndipo zotsatira zinkabwera patapita miyezi, choncho munthu ankayenera kupita yekha kukazimva pamatenti omwe adakhomedwa m'deralo. Katswiri wa zachuma Rebecca Thornton adakonza zoti aliyense atole kapepala mwamaere. Mapepala ena adalibe ndalama, ena adali ndi ndalama zosiyanasiyana zosaposa madola 3, zomwe munthu ankalandira akapita kukamva zotsatira zake.

Mwa omwe adatola pepala lopanda ndalama, 34 pa 100 aliwonse ndiwo adapita. Ngakhale ndalama yochepetsetsa idachulukitsa chiwerengerochi kawiri. Anthu ambiri panthawiyo ankakhulupirira kuti chomwe chimaletsa anthu kumva zotsatira ndi mantha aakulu a imfa ndi tsankho. Mantha otere sangathe ndi ndalama yosakwana malipiro a ganyu wa tsiku limodzi. Zikuoneka kuti ambiri ankangozengereza, kapena ankaona kuti mtunda watalika, pakuti okhala kutali ndi matenti aja ankapita ochepa. Palinso ganizo loti kapepalako kankamupatsa munthu chonena kwa anansi: akukatenga ndalama yake, osati akudzikayikira.

Izi sizikutsutsana ndi zomwe Deci adapeza. Kukamva zotsatira ndi ulendo umodzi, ndipo palibe yemwe amaukonda mwa iwo wokha. Munthu akamva, wamva. Ndalama ikatha sangaiwale zomwe wauzidwa. Pomwe mphotho imavutika ndi pa khalidwe lofunika kulisunga tsiku ndi tsiku, popanda woona.

Thornton yemweyo, pamodzi ndi Hans-Peter Kohler wa yunivesite ya Pennsylvania, adayesanso zimenezo m'midzi ya m'dziko muno. Amuna ndi amayi omwe adayezetsa adalonjezedwa ndalama zofika pafupifupi madola 16 ngati zotsatira zawo zikhale zosasintha patatha pafupifupi chaka. Kafukufukuyu, yemwe adasindikizidwa mu 2012, adapeza kuti lonjezolo silidasinthe chiwerengero cha otenga kachilomboka ngakhalenso zomwe anthu ankanena za khalidwe lawo logonana. Kusintha kudaoneka ndalamayo italowa m'thumba. Patangopita masiku ochepa chilandirireni, amuna omwe adalandira ndalama adapezeka kuti akuchita zogonana zoika moyo pachiswe kuposa anzawo omwe sadalandire, pomwe amayi omwe adalandira adachepetsa mchitidwewu.