Chipata: Mzinda wa Pakati pa Mapiri

Alendo ambiri opita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika amangodutsa mu Chipata. Akaoloka malire pa Mwami amaima pang'ono kusintha ndalama ndi kumwetsa galimoto mafuta, kenaka n'kulowera ku Katete. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mzinda umenewu, likulu la chigawo cha kum'mawa m'dziko la Zambia, unabadwa chifukwa cha nkhondo.

Angoni a Mpezeni atakhazikika m'derali cha m'ma 1870, azungu anamva mphekesera yakuti m'nthaka yawo muli golide. Kampani ya North Charterland Exploration inatumiza anthu ake, ndipo kusamvana kunakula. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain ochokera tsidya la Malawi anathira nkhondo Angoni, ndipo nthungo zinalephera pamaso pa mfuti. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa naphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Golide wochuluka amene anthu anafera uja sanapezeke.

Boma limene linamangidwa nkhondo itatha analitcha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene chigawocho chinaphatikizidwa ndi cha kumadzulo, ulamuliro n'kusamukira ku Livingstone. Ulemerero utachoka, tauniyi inadalira ulimi ndi malonda. Azungu anatsegula minda ya fodya, amwenye anamanga masitolo ndi mizikiti, ndipo mpaka lero wofuna chitenje kapena khasu amatsikira ku Down Shops.

Zambia italandira ufulu mu 1964, dzina la mtsamunda linachotsedwa. Dzina latsopanolo likuyenera malowa, pakuti mzindawu uli pampata wa mapiri, ndipo ndi chipata ndithu: cholowera ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Njanji yochokera ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo mu 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda waukulu.

Mwambo wa Nc'wala, umene unazirala Angoni atagonja, unayambiranso mu 1980. Chaka chilichonse kumapeto kwa Febuluwale Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zakumunda zoyamba pa Mtenguleni, m'mbali mwa msewu womwewo wopita ku Katete.