Kujambula zithunzi za malo ku Chileka ndi Lirangwe

Kujambula zithunzi za malo ndi chizolowezi chojambula mapiri, mitsinje, minda ndi midzi pongofuna kusangalala, osati kupeza ndalama. Ku Chileka ndi Lirangwe, m'boma la Blantyre, anthu amajambula pogwiritsa ntchito kamera kapena foni yam'manja.

Malo

Chileka ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre, pafupi ndi phiri la Michiru, lotalika mamita pafupifupi 1,470. Chakumadzulo kwake kuli mtsinje wa Shire, pomwe pali mathithi a Nkula ndi Tedzani komanso chigwa cha Mpatamanga. Lirangwe ili pa msewu wa M1, pakati pa Lunzu ndi Zalewa, ndipo njanji yochokera ku Limbe imadutsa pamenepo.

Nyengo

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, minda imakhala yobiriwira ndipo mapiri amaoneka bwino mvula ikangokata. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimabisa zinthu zakutali. Zithunzi zimatuluka bwino m'mamawa ndi chakumadzulo chifukwa dzuwa likapendeka, mithunzi imaonetsa zitunda ndi zigwa.

Zofunika kusamala

Malo ena, monga bwalo la ndege la Chileka ndi malo opangira magetsi, sajambulidwa popanda chilolezo. M'midzi, wojambula amayamba wapempha eni munda kapena nyumba, ndipo kumanda salowako popanda chilolezo cha mfumu.

Zithunzi za malo amodzi zojambulidwa zaka zosiyana zimathandiza kuona mmene mitengo ikuthera chifukwa chootcha makala.