Mbiri Yolembedwa Pamathanthwe a Chongoni

Munthu akachoka ku Nathenje nawoloka mtsinje wa Diamphwe polowera ku Dedza, amayamba kuona mapiri a Chongoni patsogolo pake. Ambiri a ife timangoona mitengo ndi miyala. Sitidziwa kuti m'mapanga a mapiri amenewa muli zojambula zamakedzana, zomwe zimasimba mbiri ya dziko lino kuyambira nthawi imene makolo athu anali asanadziwe zilembo.

Zojambulazi zili m'magulu awiri, ndipo wofuna kuziwerenga ayambe wayang'ana mtundu wa utoto. Zofiira ndizo zakale kwambiri. Akatswiri a mbiri amati anazijambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi otola zipatso, amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Iwowa kawirikawiri sankajambula chinthu monga momwe diso limachionera. Ankajambula mizere yondondozana, madontho ndi zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati.

Zoyera ndi za Achewa, ndipo ankazipaka ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zambiri zimaoneka ngati buluzi kapena ng'ona yotambasula miyendo, monga chikopa choyanikidwa padzuwa. Izi zinali zophunzitsira za anamkungwi polangiza atsikana pachinamwali. Zina zoyera, monga za kuphanga la Namzeze, zimaonetsa zilombo za Gule Wamkulu. Zimenezi ndi zaposachedwapa, za nthawi ya nkhondo za Angoni ndi kufika kwa amishoni, pamene mwambo wa nyau unali pa mayeso aakulu.

Wina angafunse kuti, "Kodi pali luso lanji pa buluzi wopanda maso ndi mamba?" Yankho ndi lakuti wojambulayo sanalephere, anachita kusankha. Anachotsa zonse zosafunika nasiya maonekedwe okhawo amene namwali akanawakumbukira moyo wake wonse. Kunena zambiri ndi mizere yochepa ndi luso lomwe ojambula a m'maiko onse amalifunafuna.

M'chaka cha 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba paphanga la Chencherere napeza zida zamiyala za anthu amene ankakhalamo. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Malo okhala ndi zojambula kumeneko alipo 127.

Komatu ulemu wochokera kunja sutchinjiriza thanthwe. Pazaka zanga zauphunzitsi ndinaona ndi maso anga maina a anyamata atalembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula zofiira. Ena amasonkha moto m'mapanga, utsi ndi kudetsa khoma lonse. Buku likang'ambika timagula lina, koma chojambula cha Mkafula chikafufutika palibe angachibwezere, pakuti mwini wake anapita ndi tanthauzo lake.

Tsono inu ophunzira, mukadzafika ku Chongoni, dzina lanu mudzalisiye m'kope. Mudzaime chete, mudzayang'ane utoto ndi mizere, ndipo mudzadzifunse kuti anajambula ndani, nanga ankaphunzitsa yani. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera pathanthwe zaka mazanamazana, ndipo ndi udindo wanu kuti adzafike kwa adzukulu anu.